Chipewa cha Alamu Anga

Ayi, a Chikopa, zimenezo ndiye ayi. Mwabwera dzulodzuloli pageti pano, lero mukuti tizigona mosinthana, mabwana akaitana mayina pa wayilesi wina aziyankhira mnzake? Mukafuna kugona gonani, khoma ndi ilo, koma dzina lanu muyankha nokha. Pakamwa pangapa sipadzatulukanso dzina la munthu wina. Mukuseka? Sonkhezani motowo, kankhirani chikuni icho pakati, ndikuuzeni kumene unapita mkono uwu. Paja chibwerereni mwakhala mukuuyang'ana mobera, mukuyesa sindikuonani.

Ndinagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi pafakitale ina ya tiyi ku Thyolo. Dzina lake lisiyeni. Anandipezera ntchitoyo ndi alamu anga, a Dayimoni Muhiwa, achimwene ake a mkazi wanga Esinala. Munthu wanthabwala, wa mano oyera mbee, wosachotsa kumutu chipewa chofiira choluka chimene anamulukira mlongo wakeyo.

Inu simukuidziwa fakitale ya tiyi nthawi ya mvula. Ikangogwa ya mu Disembala, tiyi amaphuka ngati wapenga, mathirakitala amangokhuthula masamba, makina sazima. Sabata ino mugwira masana, sabata yamawa usiku, sikisi mpaka sikisi. Ukaweruka m'mawa umafika kunyumba malata atatentha kale, ana a neba akumenyetsa mpira pakhoma pako, uyu akusinja, uyo watsegula wayilesi. Ugona maola awiri, mwina atatu. Thupi likati lizolowere, akusinthanso. Njala imakupeza pakati pa usiku, masana chakudya chikukana kulowa. Ndipo pali nthawi ina, kuyambira thu koloko kukafika folo, imene munthu umagona uli chiimire, maso ali tong'o, manja akugwira ntchito okha.

Ife tinali kuchipinda chofotetsera masamba. Muli mathandala a waya ataliatali, khumi ndi awiri, oyanikapo tiyi. Pansi pa thandala lililonse pali ngalande ya simenti yokwana munthu wokwawa, ndipo kumapeto kwake kuli fani yopopera mphepo yofunda. Osati tifani ta m'maofesiti. Chifani chofika m'chifuwa mwangamu, mapiko ake achitsulo, waya wotchinga anadyeka dzimbiri kalekale. Wani koloko ankazimitsa mafani onse kuti titembenuze masamba ndi manja, n'kudzayatsanso fili koloko. Maola awiri amenewo ngalande ija inkatsala yofunda, yamdima, ya zii. Kwa munthu wa tulo, malo okoma kuposa amenewo kunalibe, makamaka pafupi ndi injini, patsinde pa mapiko penipeni.

Asanayatse mafani, kapitawo wathu, a Makwinja, ankaima paswichi kumapeto kwa chipinda, kaundula m'manja, n'kumakuwa mayina. Aliyense ankayankhira pomwe ali. Mabwana anaika lamuloli kuti atsimikize kuti m'ngalande mulibe munthu. Koma ife tinkaliona ngati msampha, chifukwa wosayankha ankachotsedwa ntchito m'mawa mwake. Ndiye tinapeka nzeru zathu ziwiri, zauchitsiru zonse. Yoyamba, wolowa m'ngalande ankasiya chipewa chake kwa mnzake. Chipewa cha wina chikakhala m'thumba mwako, ndiye kuti uli ndi munthu pansi. Kota thu fili ukamudzutse, umubwezere chipewa chake. Yachiwiri, mnzako akachedwa, kaya akusukusula kumpopi, umamuyankhira. Ine ndinali katswiri wotengera mawu a anthu. A Dayimoni sankangoti ndilipo, ankati, "Ndilipo wamoyo!" ndipo ine ndinkawatengera mpaka mayi awo owabereka sakanasiyanitsa.

Usiku umenewo unali wachisanu pa sabata yausiku. Alamu anabwera maso ali psuu. Kunyumba kwawo kunali mapasa a miyezi iwiri.

"Alamu, lero ndiye ndatheratu," anatero titangozimitsa mafani. "Tianthu tija sitinandilole ngakhale kuphethira. Miyendoyi si yanga."

"Kagoneni, alamu. Ndikudzutsani."

"Kota thu fili, alamu. Musandigulitse."

"Aa, inu, ndinayamba ndakuiwalanipo?"

Anavula chipewa chija, anandiponyera, n'kulowa pakachitseko ka thandala la nambala seveni. Ndinachipinda n'kuika m'thumba la ovolosi.

Ndikukumbuka bwinobwino kuti ndinayang'ana wotchi yapakhoma ili hafu pasiti thu. Manja anga anali m'masamba. Ndinati ndimalize mzere uwu ndikawadzutse. Ndinaphethira kamodzi, a Chikopa, kamodzi kokha. Chotsatira chimene ndinamva ndi mawu a Makwinja.

"Layisoni Nakoma!"

"Ndilipo!"

"Dayimoni Muhiwa!"

Pakamwa panayankha pokha, mutu ukadali kutulo. "Ndilipo wamoyo!" Anthu anaseka monga mwa masiku onse. Mayina athu ndiwo anali omaliza m'kaundula. Ndinapisa dzanja m'thumba kuti nditenge kansalu kopukutira kumaso, zala zanga n'kugwira ulusi woluka. Pomwepo swichi inalira, khe!

Mafani khumi ndi imodzi analira bwinobwino. Ya nambala seveni inayamba ndi kubuula, kenako thi! thi! thi! ngati munthu akutema thunthu la nthochi. A Dayimoni anakuwa kamodzi kokha. Sanaitane Mulungu, sanaitane mayi awo, anati, "Alamu!" Kenako mphepo yofunda inakwera kudzera muwaya monga mwa ntchito yake, ndipo masamba a pathandala lonse anayamba kufiira kuchokera kumapeto kubwera kumene ndinaima ine. Timadontho tinandigwera kumaso, pamilomo, totentha. A Makwinja anazimitsa, koma fani siima pomwepo. Tinaima chiimire kumvetsera ikumaliza.

Tinawatola ndi mafosholo. Anakwana m'matumba atatu.

Mabwana atafunsa, a Makwinja analumbira kuti munthuyo anayankha. Gulu lonse linavomereza kuti linamumva. Ndiye analemba kuti anayankha dzina lake kenako n'kulowa m'ngalande pazifukwa zodziwa yekha. Ine ndinali pomwepo, ndinangoti zii. Ndinaopa ndende, ndinaopa abale, koma kwambiri ndinaopa maso a Esinala. Chipewa chija ndinakachiponya m'ng'anjo ya boyila, ndinachiona chikupsa. Pamaliro ndinanyamula nawo bokosi, lopepuka ngati la mwana. Esinala analira atandikoleka m'khosi.

"Bambo a Janeti, inu munali kuti? Simunawaone akulowa?"

"Ndinali kuthandala lina, kutali," ndinatero. Bodza limenelo linatuluka mosavuta, mpaka lero ndimachita nalo manyazi.

Mabwana anatisiya kumasana masabata atatu, kenako tinabwerera kushifiti yausiku. Madzulo ake ndikuti nditenge chipewa changa pamsomali wa kuseri kwa chitseko, palibe. Ndinakalipira mkazi, ndinakalipira mwana wathu Janeti wazaka zinayi mpaka analira. M'mawa mwake ndinagula china pamsika, chakuda. Ndinachikoleka pamsomali womwewo, ndinagona pang'ono, podzuka palibe. Chitseko chinali chokhoma, kiyi ali pansi pa pilo wanga.

Usiku umenewo fili koloko itakwana, a Makwinja anayamba kuitana. Atafika pa ine, "Layisoni Nakoma!" ndisanatsegule n'komwe pakamwa, wina anayankha.

"Ndilipo."

Mawu anga, a Chikopa. Mawu angawa, koma otengera, ngati munthu amene waphunzira bwino koma lilime likumulemera. Anachokera cha kuthandala la nambala seveni, kumene kunalibe munthu chifukwa aliyense ankakuopa. A Makwinja anachonga n'kutseka kaundula. Pafupi nane panali mnzathu wina, Fakisoni, bambo wofatsa wopemphera. Ndinamugwira pakhosi.

"Ukundiseweretsa iwe? Wakutuma ndani?"

"Ndatani ine, achimwene?"

Ndinamumenya chibakera pakamwa, ndinabwereza, ndinamugwetsera pasimenti n'kumukhalira. Anthu anayi ndiwo anandikoka. Fakisoni analavula mano awiri m'manja mwake, akundiyang'ana.

"Mwayankha nokha, a Nakoma," anatero magazi ali chuchuchu. "Tonse takumvani. Mwapenga kapena?"

Koma ine ndikudziwa kuti milomo yanga inali yotseka.

M'mawa tikuweruka kunali nkhungu. Njira ya kunyumba inkadutsa pakati pa munda wa tiyi, ndipo ndinali ndekha chifukwa anzanga anandisala. Chapatsogolo ndinaona munthu atakhala m'mbali mwa njira, mutu uli pamawondo, ngati wotopa amene tulo tamupezera panjira. Kumutu kwake kunali kofiira. Ndinati ndibwerere, miyendo inangopitirira. Ndikudutsa ndinamva akuliza mkonono, pang'onopang'ono, ndi fungo la masamba odulidwa kumene losakanikirana ndi la kubutchala. Nkhope sindinaiyang'ane. Ndinangoona pansi, ndipo miyendo yake sinagone mmene miyendo ya munthu imagonera. Ndinathamanga mpaka jombo imodzi inatsala m'matope.

Ndili pakhomo, ndikupuma wefuwefu, m'pamene zinandilowa m'mutu. Chipewa changa chili m'thumba mwa wina, ndipo wina akundiyankhira. Ndiye kuti wogona tsopano ndine. Tsiku limene ndidzatseke maso, ndidzapezeka pansi pa thandala, dzina langa lidzayankhidwa, swichi idzalira.

Ndinakawapempha a Makwinja kuti andibwezere kumasana.

"Nthawi ya mvula ino? Anthu awiri athawa kale chifukwa cha maliro aja, wachitatu mwamugulula mano. Gulu lonse likhala lausiku mpaka mwezi uthe. Simukufuna, siyani ntchito, mutulukenso m'nyumba ya kampani."

Ndikanapita kuti ndi mkazi ndi mwana, mvula ili pakati? Ndinasankha kusagona.

Munayesapo kukana tulo, a Chikopa? Musadzayese. Ndinkamwa tiyi wakuda bii wopanda shuga. Ndinkadzitikita tsabola m'zikope. Onani zipsera izi pantchafu, ndi ndudu zimenezi, ndinkazimitsira pathupi. Ndinabaya mapini pakolala ya ovolosi kuti mutu ukangogwa andilase pachibwano. Tsiku lachitatu makoma anayamba kupuma. Lachinayi ndinathira madzi otentha m'mbale ya mchere n'kuima ndikudabwa kuti ndimafuna kutani. Kuntchito ndinkagwetsa zinthu, ndinadzicheka chala osamva kuwawa. Ndipo usiku uliwonse, fili koloko, "Layisoni Nakoma!" kunambala seveni kunkayankha, "Ndilipo." Ndinayesa kukuwa msanga kuti ndimupitirire, mawu anga ankakanirira pakhosi.

Tsiku lachisanu ndinati masana sangandipeze, fani ili kutali. Ndinagona pamphasa dzuwa lili paliwombo. Ndinadzidzimuka ndili chiimire pakati pa munda wa tiyi, wopanda nsapato, nkhope yaloza kufakitale, mapazi akutuluka magazi. Tsiku lotsatira ndinadzimanga mwendo kubedi ndi chingwe cha mbuzi, mfundo zitatu. Ndinadzukanso m'munda, pafupi kuposa dzulo. Nditabwerera kunyumba ndinapeza chingwe chija chitakulungidwa bwinobwino, chili pamsomali wa chipewa.

Esinala ankangondiyang'ana. Tsiku lina ndinasinza ndili pampando, iye n'kundigwira paphewa kuti ndikagone bwino. Sindikudziwa chimene ndinaona. Ndinazindikira ndamugwetsera pansi, manja anga onse awiri ali pakhosi pake, maso ake atatuzuka, Janeti akundimenya kumsana ndi kachipande akulira. Ndinamusiya. Anakhosomola nthawi yaitali. Atapeza mpweya sanalire ayi.

"Mumanditchula kuti Dayimoni," anatero. "Mumati, ndikhululukireni, ndisiyeni. Bambo a Janeti, munawatani achimwene anga?"

"Ndi maloto chabe."

"Munawatani?"

Ndinatenga ovolosi n'kutuluka. Apo ndiye panali poti ndinene, ndipo ndinakhala chete kachiwiri. Ndinali wamantha, ndivomere, wamantha ngati galu.

Unali usiku wachisanu ndi chinayi. Mvula inkagwa yamphamvu pamalata. Wani koloko tinazimitsa mafani. Ndinasankha thandala la nambala wani, lakutali kwenikweni ndi seveni, pansi pa babu, pafupi ndi a Makwinja. Ndinkaimba nyimbo za kwaya mokweza, ndikudziluma lilime. Ndinayang'ana wotchi. Hafu pasiti thu. Ndinati ndatsala ndi mphindi makumi atatu zokha, ndipirira. Ndinaphethira.

Kunali mdima, kofunda. Tsaya langa linali pasimenti. Haa, kukoma kwa tulo timeneto! Thupi lonse linali litasungunuka, ndinalibe nkhawa ngakhale imodzi. Chapatali, ngati kutsidya la mtsinje, wina ankaitana mayina. Ndinamvetsera mwaulesi. Kenako mphuno zinamva fungo lija la masamba ndi la kubutchala, ndipo ndinamva chitsulo chozizira chitanditsamira pakhosi, china pamimba. Ndinagona pakati pa mapiko.

Ndinati ndidzuke, thupi linakana. Ndinati ndikuwe, pakamwa sipanatseguke. Mayina ankabwera, limodzilimodzi, ndipo ndinkawadziwa mndandanda wake wonse. Anatsala anayi. Atatu. Fakisoni anayankha ndi pakamwa pake potupa. Misozi inkayenderera kulowa m'khutu, chala ngakhale chimodzi osagwedezeka.

"Layisoni Nakoma!"

Pamwamba panga penipeni, kuseri kwa waya, mawu anga anayankha. "Ndilipo."

Ndiye ndinamva kuti m'ngalandemo sindinali ndekha. Wina anakhala chakumutu kwanga, akupuma movutikira, mpweya ukutulukira malo ambirimbiri. Dzanja linandigwira paphewa. Linali lonyowa, ndipo zala zake sizinali zokwanira. Linandigwedeza pang'onopang'ono, mwaulemu, mmene timadzutsirana.

"Alamu, dzukani. Yakwana."

Munalibe mkwiyo m'mawu amenewo, a Chikopa, ndipo n'chimene chimandipweteka mpaka lero. Anandiveka chinthu kumutu, n'kuchikokera bwinobwino mpaka m'makutu.

"Chipewa chanu ichi. Ine ndakudzutsani."

Thupi linamasuka. Ndinadziponya kutsogolo, mutu unatuluka, mimba inatuluka, ndinatsamira dzanja lamanzere kumbuyo kuti ndidzikankhe. Khe!

Phiko loyamba linathyola fupa, ndinalimva likulira ngati nkhuni youma. Lachiwiri linandikoka kubwerera. Lachitatu linamaliza, ndipo ndinagwera kutsogolo wopepuka mbali imodzi. Kumbuyo kwanga fani inkatafuna mkono wanga, thi! thi! thi! magazi anga omwe akundiwaza kumsana. Ndinakuwa mpaka mawu anatha. Amene anatsegula kachitseko n'kundikoka miyendo, n'kuvula lamba wake kumanga chitsa ichi, ndi Fakisoni yemwe uja ndinamugulula mano. Anandiuza pambuyo pake kuti ndinatuluka nditavala chipewa chakuda, chatsopano, chonyowa mbali imodzi.

Kuchipatala ndinamuuza Esinala zonse. Za chipewa chofiira, za kuphethira, za "Ndilipo wamoyo." Anamvetsera ali chikhalire pamphepete pa bedi, akupinda chitenje chake n'kuchifunyulula.

"Ndiye anakudzutsani?"

"Anandidzutsa."

Anagwedeza mutu. "Ndi mmene analili achimwene anga. Ine ndikanakusiyani."

Anatenga Janeti n'kupita kwawo. Sindinamutsatire, ndinalibe nkhope yopita nayo.

Mukuganiza kuti zinathera pomwepo? Nanenso ndinkayesa choncho. Ndinati mkono wapita, mlandu watha, tsopano ndigone. Usiku woyamba nditatuluka m'chipatala ndinagona pamphasa kwa mchemwali wanga ku Luchenza. Tulo tinabwera tokoma, ndinamira. Sipanathe mphindi khumi. Dzanja lonyowa paphewa. "Alamu, dzukani. Yakwana."

Chaka chino n'chakhumi ndi chinayi. Masana, usiku, m'basi, m'tchalitchi, kulikonse. Ndikangomira, amandidzutsa. Ndapita kwa abusa, ndapita kwa asing'anga, kuchipatala anandipatsa mapilitsi oti amagonetsa ndi ng'ombe yomwe. Amandidzutsabe, mwaulemu womwe uja, sanaphonyepo ngakhale kamodzi. Mumadabwa kuti kampani inalemberanji mlonda wa mkono umodzi? Afunseni. Palibe bwana amene anandipezapo ndikugona.

Ndiye chipewa chanucho, a Chikopa, chichotseni pabondo langa. Ndaona mwachiika pamenepa muja mumasonkheza moto, mwina simunadziwe. Chotsani! Valani kumutu kwanu. Fili koloko yatsala pang'ono, wayilesi ilira posachedwa, muyankhe dzina lanu ndi pakamwa panu.

Ine nditsamira pang'ono apa, maso akulemera. Musavutike n'kundidzutsa. Ndipo mukaona phewa langali likugwedezeka lokha, yang'anani kumoto.